Ndapeza ntchito ya makompyuta, akunditumiza kunja kukaphunzira, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Moni nonse a pagulu. Chonde a admin musaulule dzina langa, alamu anga ali mommuno. Ndayamba ntchito sabata yatha pa kampani ina ku Msasa, mu Harare muno ku Zimbabwe, ya ma server ndi network, nditayenda zaka zitatu ndi ma CV mpaka nsapato kung'ambika. Dzulo abwana andiuza kuti mwezi wamawa ndipita kunja milungu itatu kukaphunzira. Ine ndege ndimangoiona ikutsika pamwamba pathu ku Epworth kuno. Tsono alamu angawo, omwe ndimakhala nawo, alengeza kale kutchalitchi, chonsecho ndalama ya kombi ya mwezi uno ndinabwereka kwa iwo ndipo amandikumbutsa m'mawa uliwonse ndisanasukusule n'komwe. Mayi ku Dedza amva kale, akuti ndiwabweretsere foni. Laputopu ya kuntchito ndimakatchajitsa kwa aneba a solar. Komanso muofesi muli mnyamata wina wakhalamo zaka zinayi osatumizidwako, kuyambira dzulo moni wanga sakuyankha. Ndichite bwanji abale? Ndalama ndinyamule zingati?

Nangozo wa ku Highfield: Mulungu ndi wabwino m'bale. Koma mukupita dziko liti? Nanga pasipoti muli nayo ya kuno kapena ya kumudzi?

Bambo a Tadala: Ana inu muli ndi mwayi koma simuudziwa. Ine ndinabadwira ku Mbare, bambo anga anabwera kuchokera ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya, koma chitupa changa chinalembedwa A, kutanthauza mlendo. Mlendo m'dziko lomwe munagwera mchombo wanga! Mpaka malamulo a 2013 ndi amene anati wobadwira kuno kwa kholo la dziko la SADC ndi nzika. Ndiye mwana wanga, usanaganize za foni ya mayi ako, tulutsa chitupa chako uone chilembo chili kumapeto. Ndanena.

Mfana wa pa Copacabana: Akulu, ufa musaiwale. Milungu itatu ya buledi ndi masamba osaphika mubwerako mutafanana ndi chingwe cha network chomwecho.

Mayi Busa: Za mnyamata wa muofesiyo musazitenge mopepuka. Tsiku lonyamuka musauze munthu, ngakhale alamu anuwo. Mwana wa mchemwali wanga anatupa mwendo kutatsala masiku awiri.

Mfana wa pa Copacabana: Mayi, munthu wa ma server alodzedwe bwanji? Ali ndi firewall, mpanda uja wotchinga mbava za pa kompyuta.

Mayi Busa: Seka lero mwana iwe.

Bambo a Tadala: Tisiye zamasewera. Maphunziro a makompyuta amenewa ine ndikuti ndi ku Ulaya basi, ndiye ndi viza ya Schengen imeneyo, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya. Ndi 90 euro. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo isathe pasanadutse miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera. Pakufunikanso inshulansi ya 30,000 euro. Ndinamuyendetsera mwana wanga Tadala zonsezi, palibe angandiuze kanthu pano.

Membala wobisa dzina: 30,000?? Bambo ine malipiro oyamba sindinalandire, ndiipeza kuti? Alamu anga akamva zimenezi andiwonjezera lendi.

Nangozo wa ku Highfield: Mtima pansi. Imeneyo ndi ndalama yomwe a inshulansi angalipire mutadwala kumeneko, inu mumangopereka kangachepe, ndipo kampani yokutumayo ndi imene iyenera kulipira. Bambo a Tadala musamaopseze mwana. Koma m'bale, ndafunsa kuti dziko liti?

Bambo a Tadala: Sindikuopseza munthu mayi, ndikunena zoona. Anthu pagulu pano mumadana ndi chilungamo.

Achemwali a IT: Ine langa ndi limodzi, werengani chimene akusainitseni. Kampani ina inanditumiza milungu iwiri yokha, pobwera pepala linali loti ndigwire zaka ziwiri, ndikachoka ndibweze tikiti, hotela ndi fizi. Ndinasaina ndikusekerera, osawerenga. Patatha miyezi isanu ndi itatu ndinapeza ntchito yabwino kuposa, ndinalira ngati pamaliro. Funsaninso alawansi ya patsiku ngati akupatsani musananyamuke kapena mudzayambe mwagwiritsa zanu iwo n'kubweza. Ndalama yathu ya ZiG ndi ya pafoni ya EcoCash kumeneko sizigula ngakhale madzi, pezani khadi ya Visa kapena Mastercard ya madola.

Che Jafali: Zaka ziwiri mukudandaula? Ena tili ndi madigiri tikugulitsa ma charger pa msika wa Gulf m'tauni muno. Munthu wapeza ntchito ndiye mukumuphunzitsa zothawa.

Achemwali a IT: Achimwene ndati awerenge, sindinati athawe.

Che Jafali: Poti mwatchula ma charger, power bank isalowe m'chikwama chachikulu, ikhale cha m'manja pamodzi ndi laputopu. Yanga yatsopano anandichotsera pa bwalo lina la ndege. Ma adapter a mapulagi a ku Ulaya ndili nawo, inbox.

Bambo a Tadala: Ndipo mukadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, mayiko ena amafuna khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever. Katemerayo amayamba kuwerengedwa pakadutsa masiku 10, ndiye osabaya dzulo lake. Jekete kaguleni pa kaunjika ku Mbare, za m'tauni ndi zokongola chabe. Tadala anapita ndi jekete la m'tauni, anandiimbira akulira. Ana samva.

Nangozo wa ku Highfield: Kachitatu tsopano. DZIKO LITI?

Membala wobisa dzina: Pepani mayi, foni inazima. Zikomo nonse. Alamu aja aona positiyi ndipo andizindikira chifukwa cha Dedza, panopa sakundilankhula. Pa imelo analemba Dublin. Pasipoti ndili nayo ya kumudzi, ili kwa malume ku Lilongwe, ndinaisiya 2019.

Nangozo wa ku Highfield: Mayo ine. Dublin ndi Ireland, ndipo Ireland sili mu Schengen, ili ndi viza yakeyake. Zonse zija za 90 euro ziiwaleni. Imbirani malume usiku uno ajambule tsamba la chithunzi muone tsiku lomwe ikutha, mawa m'mawa mukawauze a HR, oona za ogwira ntchito ku kampani kwanu, zoona zake. Nanga kuno munalowa ndi chiyani, ndipo ntchitoyo mwalembedwa ndi pepala liti?

Achemwali a IT: Che Jafali adapter yanu yagwa, mapulagi a ku Ireland ndi a mano atatu ngati athu omwewa.

Bambo a Tadala: Ndinanena ine poyamba pomwe kuti nkhani ndi chitupa. Pitani pamwamba mukawerenge.

Mfana wa pa Copacabana: Alamu, tikudziwa mukuwerenga. Mubwerekeni ya basi ya ku Lilongwe, adzakubwezerani ndi ya kombi ija.