Tomato wangoima chiwokereni, chiperoni ichi chatipweteka

Wa ku Bvumbwe: Anzanga thandizeni msanga. Tomato wa mtundu wa Tengeru amene ndinawokera kudimba kuchiyambi kwa June mpaka lero ali pomwepo, sanapitirire chikhatho. Chiperoni chikungobwerezabwereza, mawawa usiku ndi usana, dzuwa osalionako. Masamba a m'munsi achita chikasu, ena kunsi kwake asanduka pepo, tsinde lowonda ngati singano. D Compound ndinathira powokera. Wina wayamba kale maluwa ali wopinimbira chomwecho. Ndizule ndifese wina kapena?

Bambo a ku Tsangano: Thirani CAN basi. Chitsekero chimodzi paphando, mudzandiuza.

Mlangizi wopuma: Achimwene, CAN-yo dikirani kaye. Pepoyo ndi njala ya mchere wa phosphorus, koma m'nthakamo alimo popeza D Compound munathira. Kungoti nthaka ikazizira mizu imalephera kuyamwa. Tomato amakondwa ndi madigiri 20 mpaka 27 masana, usiku kukatsika kufika pa 10 amangoima. Zulani umodzi muone mizu. Ikakhala yoyera ali moyo ameneyo, akudikira dzuwa. Ikakhala yoderako, yoterera, yonunkha, ndiye lowe lamugwira.

Wa ku Bvumbwe: Ndazula. Mabedi a kumtunda mizu yoyera koma yochepa. A kumunsi kufupi ndi chitsime yada, khungu lake likungosendeka ndi chala. Ndinaphimbira ndi udzu paliponse.

Mlangizi wopuma: Udzuwo ndi wa mu October, pano ukungosunga kuzizira. Ukankhireni m'mphepete kuti dzuwa likatuluka limenye nthaka. Kumunsiko kumbani ngalande madzi atuluke, ndipo keni muyipachike kaye. Pisani chala m'dothi, ngati muli chinyezi musathirire. Maluwawo thotholani, mtengo waung'ono chotero ukagwira zipatso sudzakulanso. A mizu yowolawo musataye nawo nthawi.

Bambo a ku Tsangano: Zonsezo nzabwino koma popanda CAN sadzuka ameneyo. Chikasu ndi njala. Ife kuno kumazizira kuposa kwanuko ndipo timalima chaka chonse.

Mayi a ku Bembeke: Bambo, mizu yowola idya bwanji CAN wanuyo? Angosungunuka n'kutsetsereka ndi madzi, ndalama yapita. Ine mantha anga ndi chiwawu. Nyengo ya nkhungu ndi mawawa ndiyo yake. Chaka china chinalowa m'dambo mwathu muno, anthu tonse tinagona tili ndi tomato, podzuka masamba ali biii ngati wina wadutsa ndi moto. Amayi ena anali atamangirira kale ku mitengo, zipatso zitayamba, anangokhala pansi pamzere n'kumalira. Poperani Dithane masamba akangouma, musadikire kuona mawanga chifukwa Dithane amateteza, sachiza. Mawanga akaoneka ndiye Ridomil, koma musamubwereze mowirikiza, matenda amamuzolowera. Ndipo musamayendemo m'mawa kukadali mame, mumafalitsa nokha ndi zovala.

Mnyamata wa ku Jenda: Zoona mayi. Komanso nayitrojeni wa mu CAN-yo akachuluka nthawi ino amatulutsa masamba ofewa, chiwawu chimakonda omwewo.

Bambo a ku Tsangano: Ndiye athire theka la chitsekero. Koma athire.

Mlangizi wopuma: Adzathira, palibe akukana. Kukafunda, nsonga zikayamba kutulutsa masamba atsopano obiriwira, pamenepo ndiye pa CAN, motalikira tsinde pang'ono ndi kukwirira. Lero ayi. Wina asakuuzeninso zopalira mozama kuti nthaka ipume, mudula timizu tochepa tomwe tatsalato. Kungoswa chikhakha cha pamwamba basi.

Mnyamata wa ku Jenda: Zitosi za nkhuku zosawola nazonso ayi. Mnansi wanga anathira zochokera m'khola tsiku lomwelo kuti afulumize, mzere wonse unapsa. Anthu amati kalodzedwa kadimbako.

Mayi a ku Bembeke: Kufesa wina fesani ndithu pambali, wopakiza m'malo mofamo. Nazale yake ikhale yokwera, pamalo owomba dzuwa la m'mawa, mbewu zisathithikane, apo ayi ziwola m'tsinde zonse. Kungoti wofesa pano akacha nthawi yotentha, Tuta, kambozi koboola masamba ndi zipatso kaja, ndi kangaude wofiira ali pachimake.

Mnyamata wa ku Jenda: Tuta ameneyo musamutchule. Mukupopera chiyani kwanuko? Kuno zimene timagula sakuzimvanso.

Bambo a ku Tsangano: Tomato wokhuta bwino Tuta samugwetsa msanga. Nchifukwa ndikunena za CAN.

Mayi a ku Bembeke: Iii bambo inu, kodi muli ndi shopu ya feteleza?

Mnyamata wa ku Jenda: Kkkkk. Amene ali pafupi ndi Lizulu atiuzeko, dengu likuyenda bwanji sabata ino? Mavenda kuno akutinamiza kuti kumeneko tomato wachita kutayika.