Tebulo likuti ma JV akutsalira pa phindu, kodi ndilikhulupirire?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeniko maganizo. Abwana andipatsa ntchito yofananitsa makampani opanga zipangizo zamagetsi. Mbali ina ndi ma subsidiary omwe masheya onse ali m'manja mwa kampani imodzi, mbali inayo ndi ma JV (joint venture) omwe makampani awiri amagawana umwini. Ndawerengera phindu poyerekeza ndi katundu komanso malonda a kampani iliyonse, ndipo ma JV akutsalira pafupifupi paliponse. Bodi ikufuna kusankha njira yolowera msika watsopano, ndiye abwana akuti lipoti linene kuti titsegule kampani yathuyathu. Koma mtima wanga sukukhazikika.

Odita: Musanapereke lipotilo achimwene, fufuzani kaye kuti JV iliyonse imagulitsa katundu wake kwa yani. Mu zamagetsi ma JV ambiri makasitomala awo ndi eni ake omwewo. Chitsanzo ndi IM Flash, imene Intel ndi Micron anakhazikitsa mu 2006 kuti izipanga ma chip osungira data. Inkagulitsa ma chip amenewo kwa eni akewo pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi ndalama zopangira. Mukatsegula mabuku ake mupeza kaphindu kochepa, chifukwa phindu lenilenilo linkakaonekera kwa Intel ndi Micron akagulitsa kwa anthu akunja. Fakitale ngati imeneyo kuipatsa mamakisi ochepa chifukwa cha phindu n'kuinamizira.

Ma subsidiary nawonso manambala awo musawameze osatafuna. Mitengo yogulitsirana m'banja limodzi la makampani imaikidwa ku likulu, kawirikawiri akuganizira dziko lomwe msonkho ndi wotsika. Subsidiary ikhoza kuoneka yonenepa kapena yowonda malinga ndi komwe likulu lasankha kuti phindu likagone.

Akauntanti: Ndiwonjezereko pamenepo. Manambala anuwo mwawatenga kuti? Ngati ndi m'malipoti a gulu lonse, ophatikiza likulu ndi makampani ake, ndiye kuti mukufananitsa zinthu zolembedwa mosiyana. Subsidiary imalowa yonse, malonda, ngongole, katundu, mzere ndi mzere. JV, kuyambira pomwe lamulo la kalembedwe ka maakaunti lotchedwa IFRS 11 linayamba kugwira ntchito mu 2013, imangooneka pamzere umodzi wa gawo la phindu, motsata lamulo linzake la IAS 28. Kale ena ankaphatikiza gawo lawo pamzere uliwonse, choncho ngati tebulo lanu ladutsa chaka chimenecho, onetsetsani kuti manambala akale anakonzedwanso.

Wofunsa: Ambiri ndawatenga m'malipoti a gulu, kuyambira 2008. Ma JV omwe anatha m'kati mwa zakazi ndinawalemba kuti analephera.

Mlangizi: Apo ndiye pali vuto lalikulu kuposa onse aja. JV ikatha sikuti yafa ayi. Nthawi zambiri mmodzi amangogula gawo la mnzake. Fujitsu inagula theka lomwe Siemens inali nalo mu Fujitsu Siemens Computers mu 2009. Sony inagulitsa gawo lake la S-LCD, fakitale ya magalasi a TV ku South Korea, kwa Samsung. Nokia inalipira Siemens mayuro 1.7 biliyoni mu 2013 kuti itenge Nokia Siemens Networks yonse, ndipo bizinezi imeneyo ndi imene inakhala msana wa Nokia itagulitsa gawo la mafoni kwa Microsoft. Kodi pamenepo tinganene kuti JV inalephera? Taonani zomwe tebulo lanu likuchita: zaka zovuta zoyambira ndi zokonza zinthu zikugwera ku JV, zaka zokolola zikupita ku subsidiary, pomwe fakitale ndi anthu ake ndi omwewo.

Chinanso, makampani sasankha JV mwachisawawa. Amaisankha komwe msika sakuudziwa, komwe fakitale ikufuna ndalama zankhaninkhani, kapena komwe malamulo akukakamiza. Ku China lamulo la ma JV linabwera mu 1979, la makampani a eni akunja okhaokha mu 1986, ndipo ilo linali ndi zotchinga zambiri mpaka pomwe dzikolo linkalowa m'bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO mu 2001.

Manijala: Amayi, zonsezo n'zoona, koma tisaiyeretse JV mopitirira. Ndinakhalapo m'kampani ya theka ndi theka. Kuti tigule makina amodzi okha, pepala linkapita ku malikulu awiri ndipo aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kusaina. Pamsika womwe foni imakalamba chaka chisanathe, kuchedwa kotereko kumadya ndalama zenizeni. Sony Ericsson, JV ya mafoni ya Sony ndi Ericsson, inachita bwino kwambiri mu 2006 ndi 2007, koma mafoni amakono atabwera inaluza kwambiri mu 2009, ndipo mu 2012 Sony inagula gawo la Ericsson ndi mayuro 1.05 biliyoni kuti izilamula yokha. Achimwene ofunsa, abwana anuwo mwina akulondola, kungoti umboni womwe agwira siwoyenera.

Mlangizi: Sindikukana bambo. Ndiye lipotilo linene za kuchedwako poyera. Achimwene, gawani ma JV pawiri, ogulitsa kwa eni ake ndi ogulitsa pamsika, ndipo fananitsani ogulitsa pamsika okhawo ndi ma subsidiary a dziko limodzi, a katundu wofanana ndi msinkhu wofanana. Omwe anagulidwa muwatsate mpaka atagulidwa, osawadula pakati.

Odita: Pa mafakitale ogulitsa kwa eni ake, phindu lisiyeni, muyang'ane kuchuluka kwa katundu wotuluka wopanda chilema, ndalama zopangira chinthu chimodzi, ndi miyezi yomwe inatenga kuti fakitale iyambe kugwira ntchito mokwanira. Bodi ikatsimikiza zokambirana za JV ndi kampani ina, pemphani kuti muone gawo la mgwirizano lonena zomwe zimachitika eni awiriwo akakanika kumvana, komanso momwe mtengo wogulira gawo la mnzako udzawerengedwere.