Ndathamanga miyezi 5 koma salale ikuthabe pa 10

Wobisa dzina: Admin chonde musaonetse dzina. Mnzanga wa ku ntchito anati munthu wothamanga mitunda italiitali amaphunzira kudziletsa, ndipo ndalama sizimuvuta. Kuyambira February ndimadzuka 4 koloko kukwera chitunda cha kwathu ku Chilomoni, ndikufuna kukapikisana nawo pa Porters Race, mpikisano wothamanga paphiri la Mulanje. Mimba yaphwa ndithu, koma pa 10 m'thumba muli gwa. Madamu akuti m'mawamo ndimapita kwa chibwenzi, mlamu wanga watha chaka pakhomo osagulako ngakhale mchere, alandilodi akweza lendi. Ndikulakwitsa pati?

Nachisale: Mumalandira zingati, nanga zimapita kuti? Mwatiuza za mlamu basi.

Mjoni Weniweni: ACHIMWENE SIMUNAYAMBE KUTHAMANGA. Kuno ku Joni kuli Comrades, mpikisano wothamanga pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, unayamba 1921. Maola 12 akakwana amaomba mfuti, wotsalira ngakhale phazi limodzi alibe mendulo. Wothamangitsa poyambirira amagwa panjira. Salale ndi chimodzimodzi, inu mumaimaliza pa kilomita yoyamba.

Bambo a Tadala: A Mjoni, mwathamangapo kapena munangoonera pa TV?

Mjoni Weniweni: Ndinalembetsa, bondo linakana. Mfundo ndi yomweyo.

Che Kabaza: Ine ndimapalasa tsiku lonse ndi anthu onenepa kumbuyo. Kupirira kukanakhala chuma bwenzi ndili ndi minibasi.

Mayi Phiri: Lowani banki nkhonde, tsiku lolandira mukaponye kaye musanafike kunyumba. Koma muone msungichuma, wathu anathawira ku Tete ndi bokosi lonse, mpaka lero mtima umandiwawa.

Nachisale: Ndiye mukuwalangiza alowe kapena asalowe?

Mjoni Weniweni: Banki nkhonde ndi ya amayi. Mwamuna amafuna DISIPULINI. Lembani m'kabuku ndalama iliyonse monga mumalembera makilomita.

Mayi Phiri: Ya amayi yomweyo ndi imene imakulipirirani fizi ana mukakhala ku Joniko.

Gogo Wanu: Kuthamanga kumabweretsa njala mwanawe. Mukumadya mitanda ingati tsopano?

Wobisa dzina: Isanu, ndi mazira. Za salale sindinganene pagulu. Pali kangongole kena ka pa foni ndi kubetcha pang'ono pa mpira Loweruka, koma zimenezo sizikukhudzana ndi funso langa. Ndani akudziwa ngati ku Likhubula, koyambira Porters Race, kuli malo ogona otchipa?

Che Kabaza: Fikani wapansi bwana, mwazolowera kale.