Silinda yachitatu yataya kompuresheni pa injini ya turbo yongomangidwa kumene: tiyambire pati?

Sipanala17:

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru pa injini iyi ndisanayambe kuimasula mwachisawawa.

Ndi ya petulo, masilinda anayi, malita 2.0, ya turbo. Buloko inaboledwa kufika 86.5 mm, mapisitoni ndi a forged (osulidwa kuti akhale olimba), maring'i atsopano, gasiketi ya hedi ndi ya MLS (ya zitsulo zopyapyala zosanjikiza), mavalavu ndi pokhalira pake zonse zinaperedwa. Chimangireni yayenda makilomita 1,200. Pa makilomita 800 oyamba boost (mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira m'injini) inali pa 0.5 bar, kenako inakwezedwa kufika 1.2 bar. Pasanapite nthawi injini inayamba kunjenjemera ikamalira galimoto itaima, mphamvu yatsika, ndipo kompyuta ikupereka P0303, nambala yosonyeza kuti silinda yachitatu sikuwotcha bwino petulo. Ndasinthanitsa makoyilo ndi mapulagi koma vuto latsalirabe pa silinda yachitatu.

Kompuresheni (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya) ya silinda yoyamba mpaka yachinayi yatuluka motere: 155, 152, 95, 150 psi. Nditathira oyilo pang'ono mu yachitatuyo, inakwera kufika 110. Madzi sakuchepa, oyilo sanasanduke ngati mkaka, ndipo injini sikutentha mopitirira. Kodi kukwera kwa 15 psi kumeneku kukutanthauza maring'i kapena valavu? Nditsitse hedi yokha, kapena injini yonse ituluke?

MmisiriWaMahedi:

Achimwene, musamasule kanthu kaye. Manambala anuwo akutiuza kuti mpweya ukuthawa, koma sakutiuza kumene ukuthawira, ndipo kukwera kwa 15 psi sikungatipatse yankho. Oyilo amatenga malo m'silinda, choncho geji imakwerako ngakhale vuto lili pa valavu, makamaka ngati munathira wopitirira 5 ml. Maring'i otha chabe amakweza geji kwambiri, pafupifupi kufanana ndi masilinda enawo. Koma pisitoni yothyoka pakati pa maring'i imakweza pang'ono ngati mmene mwaoneramu, valavu yosatseka bwino nayonso chimodzimodzi. Ndiye zonse ziwiri zikadali pamlandu.

Choyamba bwerezani kuyezako moyenera: injini yofunda, mapulagi onse anayi atachotsedwa, mainjekita ndi makoyilo atazulidwa, throttle (chitseko cholowetsa mpweya m'injini) itatsegulidwa yonse, batire lodzaza. Silinda iliyonse ipatseni mpata wofanana, geji idumphe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Yang'anitsitsani kudumpha koyamba. Muvi ukayamba pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi maring'i kapena pisitoni. Ukayamba pansi n'kukakamira pomwepo, ganizirani valavu. Masilinda atatu enawo ali bwino; pa injini ya turbo 150 psi si zodabwitsa chifukwa compression ratio yake imakhala yotsika dala. Chofunika n'chakuti asasiyane kupitirira 10%, pomwe yachitatu yanuyo yaperewera pafupifupi 40%.

Kenako chitani leak-down test (kulowetsa mpweya m'silinda n'kuyeza umene ukuthawa), pakuti ndiyo idzakulozereni malo enieni. Zungulitsani kirankishafuti ndi manja mpaka pisitoni yachitatu ifike pamwamba penipeni, pa TDC ya kompuresheni, mavalavu onse atatseka. Chotsani sipanala pa bawuti la pule musanalowetse mpweya. Chonde ichi musachiiwale, chifukwa pisitoni ikapanda kukhala pa TDC penipeni, mpweya umaikankhira pansi mwamphamvu ndipo sipanalayo imathyola dzanja. Lowetsani 100 psi kuchokera ku kompuresa, werengani geji yachiwiri ya chipangizo choyezeracho, yomwe imakuuzani kuchuluka kwa mpweya wothawa. Injini yomangidwa bwino, maring'i atakhazikika, imataya pansi pa 10%. Kupitirira 20% pali vuto ndithu.

Mukatero tcherani khutu. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo, chotsani paipi ya boost pa throttle, tsegulani radiyeta injini itazizirako. Mpweya ukamamveka ku throttle, ndi valavu yolowetsa. Ukamamveka ku ekizozi, ndi valavu yotulutsa, ngakhale pa injini ya turbo phokosolo limamveka motsika chifukwa limadutsa kaye mu turbine, ndiye ndi bwino kuchotsa sensa ya oxygen n'kumvera pabowo lake. Ukamatuluka pothirira oyilo kapena pa dipstick, ndi maring'i, pisitoni kapena khoma la silinda. Thovu m'radiyeta ndi gasiketi kapena mng'alu. Mverani pamabowo a mapulagi a silinda yachiwiri ndi yachinayi, ngakhale kuti gasiketi ikapsa pakati pa masilinda awiri onse awiriwo amatsika pamodzi, zomwe sizikuoneka apa.

Yezani onse anayi, osati yachitatu yokha, kuti khutu lanu lidziwe kusiyana. Silinda iliyonse, ngakhale yabwino, imapumira pang'ono pothirira oyilo.

NaphiriWaMagiya:

Ndikugwirizana nazo zonsezi, ndingowonjezera chimodzi chosafuna ndalama: tsegulani kava ya pamwamba muyeze mpata wa mavalavu ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), injini itazizira. Mwanena kuti pokhalira mavalavu panaperedwa. Valavu ikaperedwa imalowa mkati mwa hedi, mchira wake umakwera, mpata umachepa. Pa makilomita oyamba imakhazikikanso pang'ono, ndipo ngati mashimu (tizitsulo tosinthira mpatawo) anasankhidwa mothina, mpatawo umatheratu. Injini ikatentha valavu yotulutsa imatalika, sitsekanso, moto umadutsa m'mphepete mwake n'kuiwotcha. Turbo imachulukitsa kutentha kumbali ya ekizozi, choncho izi zimachitika msanga kuposa pa injini wamba.

Ngati injini yanu ili ndi ma lifter a oyilo (zokankhira mavalavu zimene zimatseka zokha mpata ndi oyilo), mpata simungauyeze motero, koma lifter yodzaza mopitirira imathanso kugwira valavu. Leak-down ikaloza ku valavu, masulani kamushafuti muyezenso. Mpweya ukasiya kuthawa kamu itamasulidwa, ndiye kuti valavu ndi yabwino, chinkaigwira ndi shimu kapena lifter. Ukapitirira, valavuyo yapsa kapena yapindika.

Za taimingi musavutike nazo kwambiri. Lamba akadumpha dzino limodzi, masilinda onse amatsika limodzi, osati imodzi yokha.

Sipanala17:

Zikomo kwambiri nonse. Zotsatira ndi izi. Mpata wa mavalavu uli mkati mwa muyezo wa buku pa masilinda onse. Leak-down: 6%, 8%, 48%, 7%. Pa yachitatu mpweya ukuwomba mwamphamvu pothirira oyilo. Ku throttle ndi ku ekizozi kuli zii, m'radiyeta mulibe thovu. Pulagi yoyamba ija ya silinda yachitatu ili ndi timadontho tating'ono totuwa pa gawo loyera, ndipo mu catch can (kachitini kokola nthunzi ya oyilo yochoka m'injini) muli oyilo wambiri. Papepala la muyezo wa injiniyi palembedwa kuti mpata wa pakati pa nsonga ziwiri za ring'i yapamwamba ndi 0.35 mm, yachiwiri 0.35 mm. Kodi umenewu ndi wokwanira?

MmisiriWaMahedi:

Ayi, ndi wochepa, ndipo ndikukhulupirira kuti gwero lili pamenepo.

Mpata wa ring'i umawerengedwa potengera kukula kwa silinda. Opanga maring'i ambiri amati pa injini yopanda turbo muchulukitse bore (m'mimba mwake mwa silinda) ndi 0.0045, pa ya turbo ndi 0.0050 mpaka 0.0060 malinga ndi boost. Pa 86.5 mm, 0.0055 ikupereka pafupifupi 0.48 mm ku ring'i yapamwamba. Yachiwiri imafuna wokulirapo pang'ono, cha m'ma 0.52 mm, kuti mpweya wodutsa yapamwamba usatsekeredwe pakati pa ziwirizo n'kuyamba kuinyamula yapamwambayo. Wanuwo wa 0.35 mm uli ngati 0.0040, womwe ndi wothina ngakhale pa injini yopanda turbo. Pepala la wopanga mapisitoni anu ndilo lomaliza kulankhula, koma sindikuyembekeza kuti lingalole 0.35 pa 1.2 bar.

Chimachitika n'chiyani? Ring'i yapamwamba ili pafupi ndi moto ndipo imatentha kuposa khoma la silinda lomwe likuziziritsidwa ndi madzi. Imafutukuka, mpata umatsekeka, nsonga zake zimagundana. Ikasowa kolowera imakakamira kukhoma pomwe pisitoni ikuyendabe. Zotsatira zake, ring'i imaduka, kapena kamtanda ka pisitoni kamene kali pakati pa maring'i, kamene amisiri amati ringland, kamathyoka. Pa 0.5 bar kutentha sikunafike potseka mpatawo, n'chifukwa chake makilomita 800 anadutsa bwinobwino. Vuto linadikira 1.2 bar.

Musailizenso injiniyo. Chidutswa cha ringland nthawi zambiri chimagwidwa ndi maring'i n'kukhala pamalo pake, koma chikangotuluka chimakanda khoma, chimamenya mavalavu, ndipo chikadutsa ku ekizozi chimakatafuna mapiko a turbine.

Lowetsani kakamera pabowo la pulagi, pisitoni ili pansi. Yang'anani mizere yoyima pakhoma, m'mphepete mwa mutu wa pisitoni, ndiponso ngati mizere yopingasa ya honing (kupera khoma la silinda ndi miyala) ikuonekabe. Mukapanda kuona kanthu musasangalale msanga, chifukwa mng'alu wa pansi pa ring'i yapamwamba suoneka kuchokera pamwamba. Ndi 48% pothirira oyilo, pisitoniyo iyenera kutuluka basi. Ndipo atuluke onse anayi, popeza onse ali ndi mpata wofanana womwewo.

Akatuluka, yang'anani nsonga za ring'i iliyonse. Zikakhala zonyezimira ngati zapukutidwa, zinkagundana. Umboni wake ndi umenewo. Onaninso ngati kadontho kapena chilembo cha pa ring'i chinayang'ana m'mwamba; ring'i yachiwiri ikalowa chadodolido imakankhira oyilo kumoto m'malo momukokolola.

GejiYaBoost:

Mpata wothina ndikuuvomereza, koma ndisiyaneko nanu pang'ono, a Mmisiri. Masilinda onse ali ndi 0.35 mm, nanga bwanji yafa yachitatu yokha? Ndiye kuti imeneyi inkatentha kuposa inzake, ndipo timadontho totuwa ta papulagi tija ndi aluminiyamu wochoka pa pisitoni. Chimenecho ndi chizindikiro cha detonation, kutanthauza kuphulika kosalamulirika kwa petulo m'silinda. Mukangokonza mpata n'kusiya chimene chinkatenthetsa silindayo, pisitoni yatsopano idzathyokanso, forged kaya ayi.

Mainjekita onse anayi apite pamakina oyezera. Asasiyane kupitirira 3% mpaka 5%. Sensa ya wideband, yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo, ili pambuyo pa turbo ndipo imawerenga masilinda onse pamodzi, ndiye injekita imodzi ikamapereka petulo wochepa, atatu enawo amaibisa ndipo geji imaonetsa ngati zonse zili bwino. Pa boost yonse injini ya petulo imafuna lambda (muyezo wa kusakanikiranako) ya cha m'ma 0.78 mpaka 0.82, yomwe ndi AFR (magawo a mpweya pa gawo limodzi la petulo) ya pafupifupi 11.5 mpaka 12. Onani ma log (manambala amene kompyuta inasunga) a tsiku limene boost inakwezedwa: duty cycle ya mainjekita (gawo la nthawi imene amakhala otsegula) isapitirire 85%, ndipo mphamvu ya petulo mu rail (paipi yodyetsa mainjekita) iyenera kukwera limodzi ndi boost, bar imodzi pa bar imodzi, ngati regulator yanu ndi yolumikizidwa ku manifold. Pampu yofooka kapena sefa yotsekeka imagwetsa mphamvuyo pa rpm yapamwamba, malo omwe simungamve ndi khutu. Onaninso ignition timing (nthawi imene pulagi imayatsa moto) ndi knock sensor (sensa yomvera detonation). Mapisitoni a forged amachita phokoso, makamaka injini isanatenthe, ndipo ena amachepetsa kumva kwa sensayo kuti isamanamize kompyuta. Ikachepetsedwa mopyola, detonation yeniyeni imadutsa osaoneka.

Oyilo wa mu catch can ujanso ali ndi mbali yake. Nthunzi ya oyilo ikabwerera ku intake imatsitsa octane ya zosakaniza, choncho blow-by (mpweya wothawira pansi kudutsa maring'i) itangoyamba, detonation inakulirakulira. Tsukani intercooler (choziziritsira mpweya wa turbo) ndi mapaipi onse musanamangenso.

Mukatulutsa rod (chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti) yachitatu, yang'anani theka lapamwamba la bearing yake. Detonation imaimenya pamenepo n'kusiya malo ophwatalala kapena onyezimira. Ikakhala choncho, yezaninso rod yomweyo ngati sinapindike.

NaphiriWaMagiya:

Za kumanganso tsono. Yezani silinda yachitatu ndi bore gauge pamwamba, pakati ndi pansi, mbali ziwiri zopingasana. Mzere umene chikhadabo chikukodwamo sungathe ndi honing yokha. Ngati khoma lapulumuka, honing yopepuka pa masilinda onse ndi maring'i atsopano zikwanira, bola mpata wa pisitoni ndi khoma ukhalebe mkati mwa zimene wopanga analemba. Mapisitoni a aloyi ya 2618 amafutukuka kwambiri kuposa a 4032, choncho musatengere muyezo wa mtundu wina.

Poyeza mpata wa ring'i, ilowetseni m'silinda yomwe ikakhalemo, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kufika cha m'ma 20 mm kuchokera pamwamba kuti ikhale yowongoka, kenako feeler gauge. Palani nsonga imodzi yokha, kuchokera kunja kulowera mkati kuti chokutira cha ring'i chisasuphuke, pang'onopang'ono mukuyeza pafupipafupi, ndipo chotsani tizitsulo totsalira m'mphepete. Mpata ukakula ndi 0.05 mm mopyola, injini singadziwe n'komwe. Ukachepa ndi 0.05 mm yomweyo ndiye mavuto ngati awa.

Gasiketi ya MLS musaibwezeretse, gulani yatsopano. Imafuna nkhope ya hedi ndi buloko yosalala kwambiri, ndipo ikani straight edge (chitsulo chowongoka choyezera) muone ngati hedi sinapindike. Ambiri amalola 0.05 mm basi pa hedi ya aluminiyamu ya masilinda anayi. Ngati mabawuti a hedi ndi aja omangidwa ndi madigiri pambuyo pa torque, amatambasuka ndipo sagwiranso ntchito kachiwiri. Tsukani makoma ndi madzi otentha a sopo mpaka kansalu koyera katuluke koyera, chifukwa mchenga wa honing wotsalira umadya maring'i atsopano pa ola loyamba.

Mukailiza, gwiritsani ntchito oyilo wa mineral, musaisiye ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali, ndipo petulo asachuluke mpaka kutsuka oyilo pakhoma. Iyendetseni mukusinthasintha rpm, kuponda pang'ono n'kusiya giya igwire injini, kuti mpweya ukankhire maring'i kukhoma akhazikike. Sinthani oyilo ndi sefa pakatha makilomita 100 oyamba. Musanakweze boost chitaninso leak-down pa masilinda onse mulembe manambala, kenako muzikweza 0.2 bar nthawi imodzi, mukuwerenga ma log ndi kuyang'ana mapulagi onse anayi musanapite pa sitepe yotsatira.