Kodi mwini nyumba ku England ayenera kundionetsa lipoti la magetsi?

Wofunsa wa ku Leeds:
Abale anga, ndikuchita lendi nyumba kuno ku Leeds, ndipo soketi ya kukhitchini imatentha kwambiri ndi kununkha ngati waya wapsa tikalumikiza ketulo. Mwini nyumba sanandionetsepo pepala lililonse lokhudza magetsi. Kodi lamulo limamukakamiza kutero?

Woyankha woyamba:
Inde achimwene. Malamulo a ku England a 2020 amalamula kuti mawaya, masoketi ndi bokosi la mafyuzi ziziyesedwa ndi katswiri wodziwa ntchitoyi zaka 5 zilizonse, ndipo lipoti lake, lotchedwa EICR, liyenera kuperekedwa kwa wochita lendi watsopano asanalowe m'nyumba. Lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2020 kwa olowa kumene, ndipo kuyambira pa 1 April 2021 linakhudza ngakhale amene analowa kale.

Woyankha wachiwiri:
Lipotilo mukalilandira, yang'anani zizindikiro zake. C1 ikutanthauza kuti ngozi ilipo kale, C2 ikusonyeza vuto lomwe lingadzetse ngozi, pomwe FI ikufuna kufufuza kwina, ndipo zonsezi mwini nyumba ayenera kuzikonza pasanathe masiku 28, kapena msanga ngati lipotilo lanena choncho. C3 ndi langizo chabe. Soketi yonunkhayo musaigwiritsenso ntchito, chonde, chifukwa moto wa magetsi umatha kuyambira m'khoma momwe maso safika.

Woyankha wachitatu:
Mulembereni mwini nyumbayo kalata yopempha lipotilo ndipo musunge kope lake. Akapanda kuyankha, kadandauleni kukhonsolo, chifukwa khonsolo ikalipempha ayenera kulipereka pasanathe masiku 7, ndipo ili ndi mphamvu yomulipiritsa chindapusa.