Thandizeni: ndijambule bwanji tauni ya Salima kuti isamatuluke mbuu?

Wofunsa, Salima boma:
Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka inu odziwa za kamera, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kujambula tauni yathu ya Salima, tauni yeniyeniyo osati nyanja. Mukasaka zithunzi za Salima pa intaneti mumangopeza mchenga wa ku Senga Bay, mabwato ndi chilumba cha Namalenje, ngati kuti pa boma sipakhala anthu. Chonsecho pa Kamuzu Road m'mawa pamakhala piringupiringu wa akabaza, ku msika kuli mashopu akale a makhonde, ndipo ku siteshoni kuli njanji yomwe inafika kuno mu 1935. Nyumba zakalezi zikusinthidwa imodziimodzi, ndipo zimandiwawa kuti zipita popanda wozisunga ngakhale pa chithunzi.

Vuto langa ndi kuwala. Ndikajambula masana, kumwamba kumangoyera mbee, malata akuthwanima, pansi pa makhonde pali bii. Madzulo kumwamba kumakongola koma nyumba zonse zimasanduka zakuda. Usiku ndiye magetsi amatuluka ndi michira, chithunzi chonse chizimezime. Mwezi uno wa Okutobala zanyanya, chilichonse chikutuluka mbuu.

Ndili ndi foni ya Tecno yokhala ndi Pro mode (pomwe umadzisankhira wekha makonzedwe a kamera), komanso msuweni wanga atha kundibwereka Canon yake ya lens ya 18-55. Nthawi yabwino ndi iti? Nanga ndiziyima pati, poti tauni yathu ili pa chidikha, ilibe nyumba zazitali ngati za ku Blantyre? Kapena vuto ndi foniyi?

Membala wina:
Achimwene musavutike, foniyo ndiyo yachepa mphamvu. Sungani ndalama mugule iPhone kapena Samsung yapamwamba.

Wojambula pa maukwati, Lilongwe:
Pepani achimwene a pamwambapa, apa sitigwirizana. Ngakhale kamera ya mamiliyoni, mukaitulutsa 12 koloko mu Okutobala ku Salima, ikupatsani zomwezo. Diso la munthu limaona malata owala ndi pansi pa khonde nthawi imodzi, koma kamera imasankha chimodzi n'kutaya chinacho. Ndiye chofunika ndi kupeza nthawi imene kumwamba ndi pansi sizikusiyana kwambiri kawalidwe.

Poyamba dziwani mbali. Msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Senga Bay umadutsa kwanuko kuchoka chakumadzulo kulowera chakum'mawa, kunyanja. Dzuwa likangotuluka, lisiyeni kumsana kwanu muyang'ane kumadzulo. Makoma amafiirira bwino, zolemba pa mashopu zimawerengeka, mithunzi ya njinga imatalika pa tala. Madzulo muchite mosemphanitsa. Mukayang'anizana ndi dzuwa nyumba zidzada basi, ndipo pamenepo musalimbane nazo. Zisiyeni zide, koma musankhe zinthu zodziwika ndi maonekedwe ake okha: nsanja ya mzikiti, thanki ya madzi, mlambe, wakabaza atanyamula matumba. Dinani chala pa sikirini pomwe pali kumwamba, gwirani mpaka foni itseke kuwala pamenepo, kenako tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kaja pang'ono.

Nthawi imene ine ndimaikonda kwambiri ndi dzuwa litalowa kale. Ambiri amalongedza pomwepo n'kumapita, pomwe ntchito ndi pamene ikuyamba. Pakadutsa mphindi 10 kapena 15 kumwamba kumakhala kwa buluu wozama, m'mashopu ayatsa magetsi, ndipo kwa kanthawi kochepa ziwirizi zimawala mofanana. Koma kuno kwathu chisisira sichichedwa, mphindi 20 kapena 25 mdima wagwa. Mukafika nthawi imeneyo n'kuyamba kufunafuna poyima, mwachedwa. Sankhani malo dzulo lake.

Mphunzitsi wa jogalafe, Dowa:
Ndionjezereko chifukwa chake. Salima ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, choncho dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Mwafunsa m'nyengo yake yeniyeni. Masana ano kuwala kukugwera pa madenga okha, makoma sakulandira kanthu, n'chifukwa chake malata akuthwanima makhonde ali bii. Kuyambira Malichi mpaka Seputembala dzuwa la masana limapendekera kumpoto, makamaka mu Juni. Nthawi imeneyo shopu yoyang'ana kumpoto imawalidwa kumaso, yoyang'ana kummwera imakhala mu mthunzi tsiku lonse. Musanapite kukajambula nyumba, dziwani kumene khomo lake lapenya.

Mawotchi nawo amasintha. Mu Juni dzuwa limatuluka 6 koloko itangodutsa, n'kulowa cha m'ma hafu pasiti 5. Mu Novembala limatuluka 5 koloko itangodutsa, n'kulowa 6 isanakwane.

Za mbuu zija ndi utsi wa moto wa m'tchire komanso fumbi, si foni yanu. Dikirani chizimalupsa kapena mvula yoyamba. M'mawa wotsatira mpweya umayera moti mapiri akwathu kuno mudzawaona kumbuyo kwa tauni. Ine ndinganene kuti mudikire Epulo ndi Meyi, mvula itatha koma moto usanayambe.

Mayi wojambula, Nkhotakota:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino zedi, koma pa za kudikira mpaka Epulo ndikukanani. Nyumba zomwe mwana wathuyu akudandaula nazo sizimudikira. Komanso utsi si mdani nthawi zonse. Miyezi inoyi ndi imene dzuwa limalowa lili psuu, lozungulira bwinobwino, ndipo zinthu zimandandalikana: mitengo yapafupi yakuda, nyumba zapakati zotuwirako, zakutali zikuzimiririka. Mu Epulo zimenezi simuzipeza. Ngati Salima ya Okutobala ndi ya fumbi ndi kutentha, chithunzi chake chionetse zomwezo.

Mwanangu, chimene ndikuona m'funso lanu n'chakuti m'mutu mwanu muli zithunzi za Johannesburg kapena Dubai, nyumba zagalasi zitandandana. Tauni zathu za kunyanja sizikwera m'mwamba, zimayala pansi pa mitengo ya mango. Kuno ku Nkhotakota chomwe alendo amafunsa akafika ndi mtengo, mkuyu uja pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863, kenako tchalitchi chakale cha All Saints ndi mizikiti. Palibe chachitali pamenepa, koma aliyense wakuno akaona chithunzi amadziwa kuti ndi kwawo. Inunso funani zomwe zimadula kumwamba kwa Salima: nsanja za netiweki, mizikiti, mawaya, milambe. Mawaya musamawafufute, ndi mmene tauni ilili.

Masananso musawataye. Dzuwa likafika paliwombo siyani kumwamba, lowani mumsika kapena pansi pa khonde. Kuwala kobwerera kuchoka pa mchenga n'kofewa, nkhope zimatuluka bwino. Zomwe zathwanima kwambiri yesani kuzisandutsa black and white mu Snapseed, pulogalamu ya pa foni yokonzera zithunzi, muone.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Nkhotakota mwalasa, zithunzi zomwe ndimasirira ndi za kunjadi. Komabe za poyima ndi za usiku zikadandivuta. Michira ya magetsi ija ndiithetse bwanji?

Wojambula pa maukwati, Lilongwe:
Michirayo ili mitundu iwiri. Ngati babu lililonse lili ndi mzere wowala wolunjika mbali imodzi, ndi mafuta a zala pa lens. Pukutani ndi kansalu kofewa musanajambule, kulikonse. Ngati chithunzi chonse chagwedezeka, ndi manja. Usiku kamera imatsegula diso nthawi yaitali ndipo palibe munthu amene angagwire foni sekondi yathunthu osasuntha. Ngati mulibe tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), kathumba ka mpunga kapena ka mchenga pa khoma kakukwanirani. Khazikani foni pamenepo, ikani timer ya masekondi awiri kapena atatu, manja muchotse.

Mu Pro mode ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikhale 100, shutter (nthawi yomwe kamera imatsegula diso) muyambire sekondi imodzi kachisisira, n'kumaonjezera mdima ukamakula. Pa Canon ikani pa M (manual, posankha nokha), f/8 (kukula kwa bowo la lens), ISO 100, masekondi 4 mpaka 10. Maminibasi ndi malole akamadutsa adzasiya mizere yofiira ndi yoyera, ndipo imeneyo ndiyo michira yofunika. Focus muchite nokha pa babu lakutali, ndipo ngati lensiyo ili ndi batani la IS (lochepetsa kugwedezeka kwa manja) muzimitse kamera ikakhala pa chokhazikika. White balance (yosintha kaonekedwe ka mitundu) musaisiye pa auto, ikani pa daylight kuti buluu wakumwamba asasanduke wotuwa. Mukaona mizere yakuda yopingasa pa magetsi a LED ndiye kuti shutter yathamanga kwambiri. Magetsi athu ndi a 50 Hz, bwererani pa 1/50 kapena kuchedwerapo.

Zoom ya zala pa foni iwalani, imangophwanya chithunzi. Mukafuna kukoka zinthu, tengani Canon muike pa 55 n'kuyima patali. Nyumba, mitengo ndi nsanja zidzaoneka zothithikana, tauni idzaoneka yodzadza.

Membala wa pa Kamuzu Road:
Za poyima, nyumba zosanja zilipo ndithu ngakhale n'zochepa. Pitani masana mukaonane ndi eni ake mwaulemu, muwaonetse zithunzi zanu, mupemphe kukwera madzulo. Musangotulukira usiku ndi kamera, alonda sangakumvetseni. Kwinako musafune pamwamba, njutani pansi m'mbali mwa msewu, kamera ikhale cha m'mawondo. Njinga ndi anthu zimadula kumwamba bwino mukatero. Njanji imakoka diso, koma imani pambali, ndipo ku siteshoni pemphani kaye.

Bambo wina, Salima:
Chenjezo limodzi mwana wanga. Boma lathu lili ndi malo a asilikali, ku MAFCO komanso cha ku Senga Bay. Kumeneko kamera ibwerere m'chikwama, ngakhale kumwamba kukongole bwanji. Chimodzimodzi pa polisi ndi pa ma roadblock. Ndipo anthu si mitengo. Mayi wogulitsa tomato muwapatse moni, muwauze chomwe mukuchita, akakana muwasiye. Ana pemphani kwa makolo. Pa mzikiti, makamaka Lachisanu, lankhulani ndi akuluakulu apamenepo musanaloze kamera.

Mwana wa msodzi, Senga Bay:
Mwati simukufuna nyanja, koma ndimvereniko. Usiku wopanda mwezi asodzi a usipa akayatsa nyali zawo, zimandandalikana kutali pa madzi ngati mzinda wina. Awa ndi anthu a Salima yemweyu ali pa ntchito, usipa womwe mudzaupeze pa msika wa pa boma. Kungoti mabwato amayendayenda, ndiye masekondi 10 aja apa sagwira, nyali zidzapakana. Kwezani ISO ifike 800 kapena 1600, shutter sekondi imodzi kapena awiri. Nyengo ya mwera, cha mu Juni ndi Julaye, masiku ena sapita pa madzi, choncho ino ndiyo nyengo yake.

Mayi wojambula, Nkhotakota:
Ndinaiwala: magetsi akazima musabwerere kunyumba. Nyali za sola, moto wa ogulitsa tchipisi ndi ma tochi a akabaza zimapereka kuwala kotentha komwe magetsi amakubisa. Ndipo poti cholinga chanu ndi kusunga mbiri, lembani tsiku ndi malo a chithunzi chilichonse. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, apo ayi chimafinyidwa. Zenizenizo muzisunge malo awiri, foni imatayika.

Wofunsa:
Ndamva zonse, Mulungu akudalitseni. Loweruka ndiyambira pa Kamuzu Road 5 koloko m'mawa kuyang'ana kumadzulo, madzulo ndikakhala cha ku siteshoni ndi kathumba ka mpunga. Zikatuluka ndidzaziika pompano mundiuze pokonza.

Mphunzitsi wa jogalafe, Dowa:
5 koloko mwachedwa, achimwene. Pakati pa Okutobala dzuwa limatuluka cha m'ma kota pasiti 5, ndipo buluu uja wa madzulo amapezekanso m'bandakucha, magetsi a m'mashopu asanazimitsidwe. Kota tu 5 mukhale mutakhazika kale foni pa khoma.