Thandizeni, Chingerezi cha SAT chandigwetsa

Moni nonse a pa gulu. Ndikupempha nzeru kwa amene adalembapo SAT, mayeso olowera ku mayunivesite a ku America. Kwathu ndi ku Mulanje koma ndakulira kwa azakhali ku Dzivarasekwa kuno ku Harare, A Level ndidalemba ya ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe. Mu March ndidalemba SAT, ndidapeza 1180 pa 1600: masamu 690, Reading and Writing 490. Ndikufuna engineering ku America, ndipo popanda sikolashipi yonse sindingapite ngakhale kumaloto. Azakhali amagulitsa tomato ku Mbare, ndipo madola olembetsera aja adachita kumasula pa mfundo ya chitenje.

Chikundiwawa n'choti Chingerezi ndimachitha, pa O Level ndidapeza A. Koma uku Chingerezi chili m'magawo awiri, gawo lililonse akukupatsa mafunso 27 m'mphindi 32, funso lililonse ndi kandime kakekake. Wangomaliza za mbalame, akuponyera ndakatulo yakalekale, kenako za miyala ya pansi pa nyanja. Nthawi idatha nditatsala ndi mafunso 6. Gawo lachiwiri lidali lofewa ngati phala, ndidatuluka ndikumwetulira. Zotsatira zitabwera ndidangoti kakasi. Ndibwereze mu October kapena ndizitaye? Nanga ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Mufakose: Mwana wanga, kufewa kwa gawo lachiwiri ndiye kudali chizindikiro choipa. Kuchokera mu 2023 SAT ya kunja kwa America imalembedwa pa kompyuta, ndipo imatsatira mmene ukukhozera. Ukalakwa ambiri m'gawo loyamba, lachiwiri limabwera lofewa koma malikisi ake amakhala ndi denga, ngakhale ukhoze onse. Nkhondo yako ili pa mafunso 27 oyambawo. Tsono mvetsetsa: mafunso a galamala, a koma ndi semicolon, ndi aja osankha however kapena therefore, amakhala chakumapeto kwa gawo. Amenewo ndi achangu, ali ndi malamulo ngati masamu, ndipo ndikukhulupirira ndi omwe udawasiya. Bluebook, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera SAT, imalola kudumpha mkati mwa gawo. Yamba ndi amenewo, ndakatulo uzibwerere pambuyo. Ndipo usasiye funso lopanda yankho, kulakwa sikuchotsetsa malikisi.

Mlongo wa ku Mabvuku: Ine ndidakwera kuchoka pa 1210 kufika 1400 osalipira tyuta. Khan Academy, tsamba lophunzirira la pa intaneti, ndi yaulere, mayeso oyeserera a mu Bluebook ndi aulere. Koma kungolemba mayeso ambiri sikudandithandize. Ndidagula kope, funso lililonse lomwe ndalakwa ndimalemba chifukwa chake. Patatha milungu 3 ndidaona kuti ndimasankha yankho loona m'moyo koma losalembedwa m'ndimemo. Kusukulu adatizoloweza kuonjezera maganizo athu, SAT imafuna zomwe zili pamaso pako basi.

Wofunsa: Aphunzitsi, mwandilasa pamtima, 6 aja adalidi akumapeto. Achemwali, vuto lina ndi laputopu. Ndimabwereka ya m'bale wina wa kutchalitchi Loweruka lokha, ndipo magetsi kwathu amabwera anthu atagona.

Mlongo wa ku Mabvuku: Khan Academy imatheka pa foni, Bluebook ndiyo ayi. Mkati mwa sabata gwiritsa foni, Loweruka ulembe mayeso athunthu, maola 2 ndi mphindi 14, chitseko chotseka. Za tsiku la mayeso, College Board, bungwe lomwe limayendetsa SAT, imabwereketsa kompyuta ukapempha masiku osachepera 30 tsikulo lisanafike.

Bambo wina wa ku Highfield: Inu ana, bwanji kudzivutitsa? Sukulu zambiri ku America sizikakamizanso SAT. Komanso UZ, University of Zimbabwe, ili pomwepa, ku Malawi kuli MUBAS ndi MUST. Madola a tomatowo ndi thukuta la munthu.

Mphunzitsi wa ku Mufakose: Bambo, zoona zambiri sizikakamiza, koma zina mwa zomwe zimalipirira mlendo zonse zidabwerera. MIT idayambiranso kuifuna mu 2022, Dartmouth, Yale ndi Harvard zidalengeza zotere mu 2024. Za UZ ndikuvomerezana nanu, afunsirenso malo kumeneko, asadalire khomo limodzi. Iwe mwana, masamu usawaiwale. Wa engineering 690 ndi yochepa, phunzira Desmos, kalikyuleta yojambula ma graph ya mu Bluebook momwemo, ma equation ambiri umangowajambulitsa yankho n'kuoneka. Sukulu zambiri zimatenga malikisi apamwamba a gawo lililonse pa maulendo onse omwe walemba, ndiye 690 ija siitayika. Pitanso ku EducationUSA, alangizi a boma la America pa za maphunziro akumeneko, uphungu wawo ndi waulere, ukafunsenso za visa poti malamulo ake akusinthasintha.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndilembetsa ya October kuti zotsatira zituluke 1 November isanakwane, tsiku lomaliza kwa ofunsira malo msanga m'sukulu zambiri za ku America. Kope ndagula kale pa shopu. Chatsala n'kuwauza azakhali kuti tikulipiranso, ndiye ngati pali wodziwa poyambira nkhani imeneyo, andithandizenso.